Mwambi Ukagwa pa Bwalo, Kodi Nkhani Izithera Pomwepo?

Ku Mangochi mawu anzeru sasowa. Munthu woyenda kuchokera pa boma, kudutsa pa Makawa ndi pa Nkope mpaka ku Monkey Bay ndi ku Chembe, amawawerenga m'mbali mwa mabwato a matabwa, pamwamba pa zitseko za magolosale ndi kumbuyo kwa maminibasi. Ena ndi a Chichewa, ena a Chiyao, ena mwini bwato anawatola ku mzikiti kapena ku tchalitchi. Koma awo ndi a utoto chabe, dzuwa ndi madzi zimawafufuta. Amene ali ndi mphamvu zenizeni ndi aja otuluka m'kamwa mwa mkulu pa bwalo la milandu, pa maliro, pa chinkhoswe kapena pa msonkhano wa komiti ya pa doko. Anthu akhoza kukokanakokana theka la tsiku pa nkhani ya mwana amene waba usipa pa thandala la eni ake, koma wa imvi wina akangoti “nkhuyu zodya ana zimapota akulu”, mitu imagwedezeka, makolo a mwanayo amayamba kufunsa kuti alipire zingati, mlandu watha.

Apa ndiye pagona mtsutso. Ena akuti ndi mmene ziyenera kukhalira, poti mwambi ndi nzeru imene mibadwo yambiri inaiyesa n'kuipeza yoona. Ena akuti ayi, mwambi wakhala njira yotsekera pakamwa anthu amene ali ndi mfundo koma alibe imvi.

Tiyambe ndi oikira kumbuyo miyambi, chifukwa mfundo zawo si zopepuka monga amaganizira ophunzira ena. Usodzi wa chilimira si wa munthu mmodzi. Pamafunika mabwato angapo, anyamata okoka zingwe, ndi siginala wotsogola ndi nyali usiku kukasonkhanitsa usipa. Mmodzi akachita ulesi kapena akafuna kuoneka wochenjera kuposa anzake, ukonde umavuuka wopanda kanthu, mwinanso bwato kutembenuzika. Kwa anthu otere, “mutu umodzi susenza denga” si mawu okometsera nkhani, ndi lamulo la ntchito. Chimodzimodzinso “safunsa anadya phula”. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imautsa mafunde amene chaka ndi chaka amamiza asodzi. A zanyengo amachenjeza pa wailesi, inde, koma mnyamata amene ali ndi njala ya ndalama chenjezo la pa wailesi limamulowa khutu ili n'kutulukira linalo. Amene amamuopa ndi mkulu wa pa doko, yemwe angamuchititse manyazi pamaso pa anzake ndi mawu atatu okha. Kufupika kwa mwambi ndiye mphamvu yake. Munthu ali pakati pa nyanja usiku sakumbukira chikalata, amakumbukira zimene agogo ake ankabwerezabwereza.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya ulemu, ndipo ine ndiyo ndimaiona yolemera koposa. Midzi yambiri ya Ayao ndi Anyanja a kuno ndi ya chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa eni ake, pakati pa apongozi ndi alamu, ndipo pali zinthu zambiri zimene sanganene mwachindunji, ngakhalenso iwo sangamuuze mwachindunji popanda kuphwanya banja. Ankhoswe akakumana pa mlandu wa mkamwini wa pakamwa posasamala, sanena kuti “iwe ndiwe wamiseche”. Wina amangoyang'ana kumbali n'kunena kuti ukayenda uzisiya phazi, poti ukasiya mlomo udzaupeza. Wolakwayo wamva, anthu onse amva, koma palibe amene watukwanidwa, ndipo mawa akhoza kudyera mbale imodzi. Ku khoti la majisitireti mmodzi amapambana, mnzake n'kugonja, kenako awiriwo amabwerera kukakhala moyandikana moyo wawo wonse ali ndi mangawa. Pa bwalo la mfumu cholinga chimakhala choti anthu apitirize kupatsana moni, ndipo mwambi ndiwo umalola munthu kugonja popanda kuvulidwa ulemu.

Amatinso miyambi ndiyo imamanga anthu osiyana mitundu. M'madoko ngati Msaka muli asodzi ochokera kumpoto, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, osakanikirana ndi Ayao, Anyanja ndi Alhomwe, Asilamu ndi Akhristu. Bwato likapanda kubwerera, palibe amene amafunsa kuti mwini wake amapemphera Lachisanu kapena Lamulungu. Onse amakankha mabwato kukafunafuna, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Umboni umene amaukonda kwambiri ndi wa chilumba cha Mbenji. Chilumbachi chili m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Makanjira ya kumeneko, osati ya kuno. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi pa chilumbachi kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kuti utaka uswane. Lamuloli silinachokere ku Zomba kapena ku Lilongwe, linachokera m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo lalemekezedwa kuposa malamulo ambiri olembedwa a nthambi ya za usodzi. Ndiye oikira kumbuyo miyambi amafunsa kuti: ngati mawu a akulu ateteza nsomba kwa zaka zoposa 60 pamene mapepala a boma akulephera, ndani anganene kuti nzeru zakale zatha ntchito?

Otsutsa sakana kuti miyambi ndi yokoma. Chimene amakana ndi chakuti ikhale woweruza. Choyamba amati tamverani bwino miyambiyo, muona kuti imatsutsana yokhayokha. Wina akati kuona maso a nkhono n'kudekha, mnzake ayankha kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Wina akati mawu a akulu akoma akagonera, wina ali chire ndi wake wakuti tsabola wakale sawawa. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mlendo yemweyo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngati mbali iliyonse ya mlandu ili ndi mwambi wake, ndiye kuti amene wagamula si mwambi ayi, koma munthu amene wasankha mwambiwo. Mwambi uli ngati nkhafi, imapititsa bwato kumene wopalasa akufuna. Tsono funso lenileni ndi lakuti pa bwalo amene amaloledwa kupalasa ndani. Yankho tonse tikulidziwa: kawirikawiri ndi mwamuna, wachikulire, mwini zida kapena mbale wa mfumu. Mtsikana wa zaka 15 akayankha mkulu ndi mwambi, anthu sanena kuti ndi wanzeru, amati ndi wamwano.

Nkhani ya nyanja ya Malombe ndiyo imawapatsa mphamvu otsutsawa. Nyanja yaing'ono ndi yosazamayi, imene mtsinje wa Shire umadutsamo ukangochoka pa boma la Mangochi, inali kwawo kwa chambo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankavuula chambo chokwana matani masauzande angapo pa chaka. Pofika zaka za m'ma 1990 chinali chitatsikira ku matani mazana ochepa, ndipo anthu anayamba kudalira kambuzi, kansomba kamene kale sankakawerengera n'komwe. Zifukwa zake ndi zodziwika: maukonde a maso aang'ono monga nkacha ndi makoka a kambuzi ankakokolola ana a chambo pamodzi ndi udzu wa pansi pa madzi mmene nsomba zimabisala ndi kuswana, ndipo asodzi ankangochulukirachulukira.

Nanga nzeru za makolo zinali kuti nthawi imeneyi? Otsutsa amati zinalipo, koma zinali mbali yolakwika. Mwini ukonde akauzidwa kuti asiye chambo chaching'ono chikule, ankayankha kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndipo mpaka lero mawu amene amamveka m'madoko ambiri ndi akuti nsomba ndi za Mulungu, sizingathe. Akuluakulu onena zimenezi sankanama. Ankanena zimene maso awo anaona ali anyamata, nthawi imene maukonde ankalukidwa ndi ulusi wa zomera za m'tchire, wosachedwa kuola, ndipo anthu anali ochepa. Nayiloni atabwera, injini zitabwera, zonse zinasintha. Dziko lonse la Malawi linali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni mu 1966, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi lokha. Mwambi umabadwa kuchokera ku zinthu zimene zachitika mobwerezabwereza. Chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire, monga nyanja kutha nsomba, chilibe mwambi wake, ndipo anthu oyembekeza kuti mwambi uwachenjeze amazindikira madzi atafika m'khosi. Amene anayamba kukuwa za Malombe anali anthu a sikelo ndi kope, owerenga madengu a nsomba pa doko.

Boma litaona kuti lokha silingathe, mu 1993 linayambitsa ndondomeko yoti asodzi eni ake azitenga nawo mbali posamala Malombe ndi Shire wa kumtunda kudzera m'makomiti a m'madoko, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza njira imeneyi. Koma dandaulo limene lakhala likumveka m'madoko ndi lakuti mafumu ena amalandira nsomba kapena ndalama kwa eni maukonde oletsedwa n'kutseka maso. Membala wa komiti akafuna kufunsa, wina amamunong'oneza kuti wamkulu salakwa. Pa za Mbenji, otsutsa amati chimene chimasunga chilumbacho si kukoma kwa mawu ayi, ndi komiti yolondera, chindapusa, ndi kuthamangitsidwa kwa wophwanya lamulo. Amawonjezeranso kuti mwambo womwewo umene umaletsa mowa, chamba ndi njuga pa chilumbapo umaletsanso amayi kupondapo, chonsecho ndi amayi amene amagula, kuyanika ndi kugulitsa gawo lalikulu la nsomba za m'nyanja muno.

Pa nkhani ya amayi ndi pamene oikira kumbuyo miyambi amayamba kuyang'ana pansi. Mangochi ndi boma limene anyamata ake ambiri ali ku Joni. Ena amatumiza ndalama, nyumba za malata n'kumangidwa. Ena amapita zaka zambiri osatumiza ngakhale uthenga, ndipo mphekesera imafika yoti anakwatira komweko. Mayi wosiyidwa ndi ana akapita kukadandaula, kangati amabwerako ndi mawu akuti banja ndi kupirira? Mwamuna woyendayenda amaikiridwa kumbuyo ndi mawu akuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, m'dera limene matenda a Edzi anadzaza manda m'madoko, ndiponso kumene amayi ena amakakamizika kugona ndi asodzi kuti agulitsidwe usipa nsomba zikasowa. Mayi Joyce Banda atalamulira dziko kuyambira 2012 n'kupikisana nawo pa chisankho cha 2014, anthu ena sanavutike n'kuunika ntchito zawo, zabwino kapena zoipa. Anangoti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Mawu anayi okha, mtsutso wonse wa mmene dziko liyendere n'kutsekeka. Ndipo pamene dziko linafuna kuteteza atsikana ku maukwati a ana, silinapeze chitetezocho m'miyambi. Panafunika lamulo la za maukwati la 2015 ndi kusintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti msinkhu wokwatiwira ukhale zaka 18.

Anthu a Mangochi akudziwanso mtengo wa mawu akuti wamkulu salakwa pa ndale. Dziko litangolandira ufulu mu Julayi 1964, nduna zingapo zinatsutsana ndi Dr. Kamuzu Banda pa nkhani monga ya ndalama ya tiki imene odwala ankalipira ku chipatala, kuchedwa kukweza Amalawi pa ntchito za boma, ndi ubale ndi Apwitikizi. Kamuzu ankazitcha ndunazo anyamata ake, ndipo mnyamata satsutsa bambo. Henry Masauko Chipembere, phungu wa Fort Johnston, lomwe ndi dzina lakale la Mangochi, anatula pansi udindo wake wa unduna n'kubwerera ku Malindi. Mu Febuluwale 1965 iye ndi omutsatira analanda boma la Fort Johnston n'kulowera ku Zomba, koma anakakanika pa Liwonde poti pantoni yowolotsa inali tsidya lina. Chipembere anamwalira ali kunja mu 1975, ndipo boma lino linalangidwa kwa zaka zambiri. Anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa chigulu kukatsekeredwa. Nthawi yonseyi ulamuliro unkalankhula chilankhulo cha mwambo. Kamuzu anali Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse anali mbumba yake, ndipo kumvera ndi kusunga mwambo zinali pakati pa nsanamira zinayi za chipani chake. Mawu a pa khonde la agogo anasanduka chingwe chomangira dziko lonse.

Mtsutso ukanathera apa, otsutsa akanapambana mosavuta. Koma mbiri yomweyi ili ndi tsamba lina, ndipo nalonso likukhudza Mangochi. Jack Mapanje, wobadwira m'mudzi wa Kadango m'boma lino mu 1944, analemba ndakatulo zake m'Chingerezi koma motsata kalankhulidwe kophiphiritsa ka makolo, kogwiritsa ntchito nyama ndi nthano, pa nthawi imene kunena zoona poyera kunali kudziitanira imfa. Anamangidwabe mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu, zomwe zikusonyeza kuti olamulira anamva bwino lomwe zimene ankatanthauza. Kenako pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya mabishopu yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Mmodzi mwa osainira anali Bishopu Alessandro Assolari wa dayosizi ya Mangochi, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka imene inasindikiza kalatayo inatenthedwa. Pofuna kuuza Kamuzu, mtsogoleri wamuyaya, kuti munthu mmodzi sangakhale mwini nzeru zonse, mabishopuwo anatola mwambi uja wa asodzi a chilimira, wa mutu umodzi ndi denga. Munthu wa kumudzi amene sakanamva mawu a zamalamulo anamva nthawi yomweyo, ndipo boma silikanatha kunena kuti mwambiwo ndi maganizo a azungu. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri.

Choncho oikira kumbuyo miyambi amayankha kuti vuto si mwambi koma kusankha mwadyera. Makolo omwewo amene anati mawu a akulu akoma akagonera anatinso mutu ukakula sulewa nkhonya, kutanthauza kuti wotsogolera ayenera kulandira chidzudzulo. Anatinso akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, osati moyatsira. Mfumu yolandira chambo cha usiku kwa mwini nkacha sikusunga mwambo, ikuuphwanya.

Yankho limeneli ndi loona, koma ndikaliyang'anitsitsa ndimaona kuti lavomereza mfundo yaikulu ya otsutsa. Ngati mwambi womwewo ungateteze mfumu lero n'kuigwetsa mawa, ndiye kuti pawokha sungagamule kanthu. Mabishopu a 1992 sanapambane chifukwa cha mwambi wokha. Kalata yawo inatchula zinthu zooneka ndi maso: malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, kusowa kwa mankhwala ndi aphunzitsi, anthu otsekeredwa osazengedwa mlandu. Mwambi unangothandiza kuti zoonazo zilowe mumtima. Pamene mwambi ukuperekeza umboni, ndili nawo limodzi oikira kumbuyo. Pamene ukulowa m'malo mwa umboni, monga zinachitikira pa Malombe ndi monga zimachitikira mayi wosiyidwa uja, ndili ndi otsutsa, ndipo ndikuona kuti m'madoko ndi m'mabwalo athu lero njira yachiwiriyi ndiyo yachuluka.

Sukulu nayo sikutithandiza. Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, mwana wa ku Katuli kapena kwa Jalasi amene kwawo amalankhula Chiyao wakhala akuloweza miyambi ya Chichewa kuti akakhoze mayeso, pamene ya agogo ake ilibe malo m'kalasi. Funso la pa mayeso limakhala lakuti malizitsani mwambi uwu, kapena perekani tanthauzo lake. Nkovuta kupeza funso lakuti mwambi uwu ungalakwitse munthu pati, kapena perekani wina wotsutsana nawo. Bambo Joseph Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2000 ya Chinyanja m'buku limene linatuluka mu 2000, ndipo aliyense wotsegula buku lotere amaona kuti makolo athu sankagwirizana pa zonse. Ankatsutsana, ndipo miyambi ndi zotsalira za mikangano yawoyo. Ife ndi amene tikuiphunzitsa ngati malamulo osafunsidwa.

Sindikugwirizana ndi achinyamata ena a pa WhatsApp amene amaseka miyambi ya kwawo kuti ndi zachikale, kwinaku tsiku lililonse akutumizirana timawu tanzeru ta anthu akunja amene sakuwadziwa n'komwe, mwinanso amene sananene n'komwe mawuwo. Njala ya mawu aafupi onena za moyo ili mwa munthu aliyense, ndipo mawu a pa foni amagonetsa maganizo chimodzimodzi ndi a pa bwalo. Kusiyana kwake n'kwakuti a pa bwalo amadziwa mwera, chikamwini ndi njala ya mu Febuluwale.

Pempho langa likupita kwa mafumu a kwa Mponda, Nankumba, Chimwala, Makanjira ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja, pamodzi ndi ankhoswe ndi apampando a makomiti a m'madoko. Inu ndinu ogwira mawu, ndipo palibe amene akukupemphani kuti musiye miyambi. Koma mkulu akaponya mwambi pa bwalo, musatseke mlandu nthawi yomweyo. Funsani ngati mayi wa beseni la usipa kapena mnyamata wokoka chingwe ali ndi yankho, ndipo akayankha, ngakhale ndi mwambi wotsutsa wanuwo, musamudule chindapusa cha mwano. Mlandu ukakhala wa ukonde, aubweretse pa bwalo anthu ayeze maso ake. Ukakhala wa mtsikana amene akufuna kumukwatitsa, itanani aphunzitsi ake ndi buku lake la kusikelo, muwerenge zaka zake musananene mwambi uliwonse.